Kalata yotseguka: bwerani mudzaone manja a anthu amene akumanga Blantyre

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zantchito,
kwa a Meya ndi akuluakulu a Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre,
kwa akuluakulu a bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, lomwe ife kumasaiti timangoti NCIC,
kwa akuluakulu a Malawi Bureau of Standards,
ndi kwa inu mabwana, eni makampani omanga ndi eni nyumba zosungiramo katundu ku Limbe, Makata, Ginnery Corner, Chirimba ndi Maone.

Akuluakulu nonse,

Ndine mmisiri womanga nyumba, ndimakhala ku Ndirande, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka zoposa 20 muno mu Blantyre. Ndinayamba ngati dakaboyi, kukandira ena matope ndi kuwaponyera njerwa pansanja. Kenako ndinagwira mpeni ndekha, ndipo masiku ano pena amandipatsa ukapitawo. Mvula ikakula mu Januwale ndi Febuluwale, zomanga zikaima, ndakhala ndikupita ku Limbe kukatsitsa matumba m'malole. Ndiye zonse zomwe ndinene m'kalata ino ndazigwira ndi manja anga.

Nkhani yanga ndi ya magolovesi. Ndikudziwa kuti patebulo panu pali nkhani zikuluzikulu, za malipiro, za penshoni, za nyumba zogwa, ndipo mwina muona ngati ndakuimitsani ndi kanthu kochepa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndiloleni ndiyambe ndi zimene zinagwa m'banja mwathu.

Mlongo wanga wa ku Bangwe ali ndi mwana wamwamuna amene analekeza Fomu 2 chifukwa cha fizi. Pokhala malume wake, ndine ndinamutenga kuti akayambe ganyu pamalo pena pomwe tinkamanga nyumba yosanja. Sabata yake yachitatu linafika tsiku lothira silabu. Amene simunakhalepo pa saiti tsiku lotere, dziwani kuti konkire sadikira munthu. Makina akangoyamba kuzungulira m'mawa, ntchito siima mpaka silabu itatha, chifukwa mukalekeza pakati pamatsala msoko wofooka. Anyamata amaima pamzere kupatsirana ndowa, ena pa wilibala, ena kusalaza pamwamba. Tsiku limenelo kampani inagawa magolovesi, ndisaname. Anali a nsalu aja oyera, okhala ndi timadontho takuda ta mphira m'chikhatho. Isanakwane 9 koloko anali atanyoweratu ndi madzi a simenti. Mnyamatayo sanawavule, chifukwa m'mawa anauzidwa kuti wopezeka manja ali pamtunda achotsedwa, ndipo wowataya amudula pa ndalama ya tsikulo. Anakhala nawo m'manja mpaka dzuwa kulowa.

Madzulo tili pa siteji kudikira minibasi, ananditambasulira manja. "Malume, zala zikungoyaka ngati ndatsukuluza tsabola." Khungu linali litayera mbee, litafota ngati la munthu amene wachapa tsiku lonse. Ine ndinamuuza kuti akasambe, akapake Vaseline, kukacha kukhala bwino. Uphungu umenewo unali wolakwika ndipo umandipwetekabe mumtima, chifukwa mafuta amatsekera simenti pakhungu, n'kumapitiriza kudya mkati. Kutacha, pakati pa zala ndi m'mbali mwa zikhadabo munali zilonda, zina zitayamba kuda.

Lamlungu lotsatira ndinapita ku Bangwe kukamuona. Mayi ake anaphika nsima ya bonya. Ine ndinasamba m'manja n'kutema mbamu yanga. Iye anakhala duu, zala zili m'mabandeji, mpaka mayi ake analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi supuni. Mnyamata wa zaka 19, wadzitho, wonyamula thumba la simenti ngati mtsamiro, anadya nsima ndi supuni ataweramitsa nkhope, osandiyang'ana. Anadya choncho milungu itatu. Mabatani a malaya ankamumangira ndi mng'ono wake. Ku saiti malo ake anali atalowa wina Lolemba lomwelo, ndipo dzina lake silinali m'buku lililonse kupatula kapepala kamene kapitawo ankalembapo masiku a aganyu.

Chiyambire nthawi imeneyo ndakhala ndikufunsa anthu odziwa ndi kuwerenga, ndipo zimene ndapeza ndi zimene aliyense wogwira simenti amayenera kuuzidwa tsiku lake loyamba. Simenti ikakumana ndi madzi imasanduka mankhwala owotcha, a mtundu umodzi ndi soda wopangira sopo. Pa muyeso wa pH, umene umaonetsa ukali wa mankhwala otere, madzi akumwa amakhala pafupi ndi 7, pomwe konkire wonyowa amafika 12 kapena 13. Kuopsa kwake n'koti sapweteka msanga ngati moto. Moto ukakuwotcha umachotsa dzanja nthawi yomweyo, koma konkire amadya khungu mwakachetechete kwa maola, ndipo pomwe ukumva ululu nyama imakhala itawonongeka kale. Golovesi la nsalu likanyowa limagwira madzi amenewo n'kuwakanikiza pakhungu tsiku lonse. Mwana wa mlongo wanga akanagwira ntchito manja ali pamtunda, n'kumasamba pafupipafupi, mwina sakanapsa choncho. Chimene chinamuvulaza n'chimene anamupatsa kuti chimuteteze.

Mu simenti mulinso kachitsulo kotchedwa chromium. Kameneka kamachititsa thupi la anthu ena kudana ndi simenti, ndipo likadana nayo ladana nayo mpaka kalekale: ukangokhudza fumbi lake manja amatuluka zidzolo, kuyabwa, kung'ambika. Munthu wotero ntchito yomanga yamuthera, ngakhale akhale katswiri wa pulasitala. Ku mayiko a European Union, kuyambira 2005 simenti yokhala ndi chromium wosungunuka woposa mamiligalamu 2 pa kilogalamu iliyonse saloledwa kuigulitsa kuti anthu aziigwira ndi manja. Opanga amathiramo mankhwala otchedwa ferrous sulphate kuti amuchepetse, ndipo poti mphamvu ya mankhwalawo imatha simenti ikakhalitsa, pathumba amalembapo tsiku loipakira. Inu a Bureau of Standards, ndinu mumayesa simenti yopangidwa kuno ndi yolowa kuchokera kunja. Tithandizeni kuti pa thumba lililonse palembedwe m'Chichewa, m'zilembo zikuluzikulu, kuti simenti yonyowa imawotcha khungu, ndi kuti yakhudza munthu asambe ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zosachepera 20. Chizungu cha tizilembo ting'onoting'ono kumbuyo kwa thumba dakaboyi sachiwerenga.

Manja olowa mu simenti akuchulukirachulukira. Kuyambira 2018, pomwe malamulo analetsa njerwa zowotcha pa ntchito zikuluzikulu zomanga pofuna kuteteza mitengo, malo oumbira mabuloko aphuka m'mbali mwa misewu ya ku Lunzu, Chileka ndi Machinjiri. Lamulolo ndi labwino, ndipo aliyense amene anaona zimene madzi ndi matope zinachita ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023 sangatsutse kuti mitengo tiyenera kuisiya. Koma imani pamalo amodzi oterowo muone. Anyamata amapakira zosakaniza m'chikombole ndi manja, kukanikiza ndi zikhatho, kenako kunyamula mabuloko ouma okhakhala ngati tupa. Ena amakulunga manja ndi majumbo, ena amavala masokosi akale, ena amadula chubu cha tayala n'kuboola polowa zala. Munthu amene wafika podula chubu musamunene kuti safuna kudziteteza.

Mabwana eni makampani, chimene chimandiwawa kwambiri n'choti ambiri mwa inu mumagula ndithu magolovesi, koma mumagula mtundu umodzi wa anthu onse, ngati mukugula masache. Ntchito iliyonse ili ndi golovesi lake. Wokanda matope, wothira konkire ndi wopaka pulasitala amafunika osalowa madzi, a PVC kapena nitrile, ataliatali ofika pamkono, ndipo mkono wa ovolosi uzikhala pamwamba kuti konkire asagwere mkati. Wonyamula njerwa, mabuloko ndi matabwa amafunika a chikopa kapena okutidwa m'chikhatho monse. Wokweza malata, wodula zitsulo ndi woika magalasi amafunika osadulika msanga, chifukwa lata latsopano likatsetsereka m'manja limadula mpaka mtsempha, ndipo chala chodulidwa mtsempha pena sichipindikanso bwino ngakhale achisoke. Wowotcherera amafunika a chikopa chochindikala ofika pafupi ndi chigongono. Ndipo pali ntchito zina zimene golovesi ndi mdani: pa makina obowolera kapena china chilichonse chozungulira, golovesi likakodwa limakoka dzanja lonse. Kapitawo amene amangofuula kuti "valani magolovesi" osadziwa zimenezi akhoza kudulitsa munthu zala.

Izi sizobisika. Golovesi lenileni la pantchito limakhala ndi chizindikiro pamsana pake: kachishango kokhala ndi hamala, pamwamba atalemba EN 388, pansi pali manambala anayi. Yoyamba imanena za kupirira kukhuzika, yachiwiri kudulika, yachitatu kung'ambika, yachinayi kubooka ndi chinthu chosongoka. Nambala ikakwera ndiye kuti golovesi ndi lolimba pa mbali imeneyo. Zitatu zimalekeza pa 4, ya kudulika pa 5. Kuyambira 2016 anawonjezerapo chilembo, kuchokera pa A mpaka F, cha kuyesa kwina kwa kudulika, ndipo F ndiye wolimba koposa. Ogwirira mankhwala amalembedwa 374 ndipo ali ndi chithunzi cha kabotolo. Wogula katundu wa kampani akhoza kuphunzira zimenezi pa nthawi ya tiyi imodzi. Vuto lina n'loti m'mashopu a hardware ndi pamisika mwadzaza magolovesi opanda chizindikiro chilichonse, ena okhala ndi zizindikiro zokayikitsa, amene amang'ambika dzuwa lisanafike pamutu. Apanso, a Bureau of Standards, ndi inu muli ndi makina oyesera. Munthu akagula golovesi lolembedwa 4 lizikhaladi 4.

Ku nyumba zosungiramo katundu nkhani ndi yomweyi, ngakhale kumeneko kulibe konkire. Lole ya matani 30 imanyamula matumba 600 a makilogalamu 50. Mukakhala anthu asanu ndi mmodzi, aliyense wanyamula matumba 100, omwe ndi matani 5, ndipo pa tsiku sipabwera lole imodzi. Thumba umaligwira m'makona, ndipo ulusi wake wa pulasitiki umapala m'mfundo za zala mpaka magazi. Likakhala la feteleza, kaya urea kaya wokulitsa, mchere wake umalowa m'mabalamo. Ndikukumbukira tsiku lina la Okutobala, shedi ikutentha ngati uvuni, thukuta likutsikira m'manja, mnzanga wina wachikulire akuviika zala m'chigubu cha madzi akumwa pakati pa lole ndi lole, kenako kuzipukuta pa thalauza n'kubwerera pamzere osanena kanthu. Kulinso mapaleti okhala ndi misomali yotuluka ndi timinga ta matabwa, malamba achitsulo omangira katundu amene amakwapula ukawadula, mipeni yotsegulira makatoni, ndi zigubu za mankhwala a mbewu zodontha. Msomali wadzimbiri ukabaya munthu, pali ngozi ya kafumbata. Wothira mankhwala ophera anankafumbwe m'chimanga ndi manja ake, kenako n'kukagula chiwaya panja pa geti, mankhwalawo wadya nawo.

Onyamula matumbawa ambiri si antchito olembedwa. Amawatenga pa geti m'mawa, amalipidwa pa thumba kapena pa lole, nthawi zambiri kudzera mwa munthu wina amene anapatsidwa kontrakiti yobweretsa anthu. Ukapempha magolovesi kwa mwini shedi, akuti funsa amene wakubweretsa. Ukafunsa iyeyo, akuti ndalama imene amalandira mulibe za magolovesi. Mnzako amene ali kumbuyo kwako pamzere sanadye dzulo, ndiye ukalimbikira kufunsa, ntchito waipereka kwa iye.

Olemekezeka a Nduna, malamulo tili nawo, ndipo ndi abwino. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Limati munthu aliyense, silisiyanitsa wolembedwa ndi waganyu. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limalamula olemba ntchito kupereka zovala ndi zipangizo zodzitetezera, kuphatikizapo magolovesi, popanda wantchito kulipira. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limanena za chipukutamisozi cha munthu wovulala pantchito. Mu Novembala 2019 dziko lathu linavomereza pangano nambala 155 la ILO, bungwe loona zantchito padziko lonse, lomwe limanena poyera kuti njira zotetezera anthu pantchito zisamadye ndalama ya wantchito. Ndiye bwana amene akudula mnyamata malipiro chifukwa golovesi lang'ambika pantchito, akuchita zimene dziko lino linasaina kuti sizidzachitika. Koma anyamata a pamzere wa ndowa sadziwa zimenezi. Ine ndinazidziwa nditagwira kale ntchito zaka zambiri.

Pali chizolowezi china chimene ndachiona m'masaiti angapo, ndipo ndikufuna muchidziwe chifukwa chimaphimba maso a aliyense wobwera kudzayendera. Tikamva kuti mawa kubwera alendo, sitolo imatsegulidwa. Mumatuluka zipewa zonyezimira, magambutsi, magolovesi a chikopa onunkhira utsopano. Timavala, alendo amajambula zithunzi, galimoto zawo zikangotuluka pa geti wosunga sitolo amadutsa ndi katoni kutolera. Woyendera akapempha kuona sitolo apeza zonse zilimo, akapempha buku apeza tinasaina. Chimene sichinama ndi manja. Pemphani anthu khumi atambasule zikhatho. Golovesi latsopano pa dzanja long'ambikang'ambika likuuzani lokha kuti lavalidwa lero. Ndikupempha kuti oyendera malo a ntchito azibwera osalengeza, azibwera tsiku lothira silabu kapena nthawi yotsitsa feteleza mvula isanagwe, ndipo azilankhula ndi aganyu kapitawo ali patali. Ndikudziwa kuti kuyendera kumafuna anthu ndi mafuta a galimoto. Koma kuchokera pakati pa tauni kufika ku Ginnery Corner kapena ku Makata ndi ulendo wa minibasi imodzi.

Mabwana, zifukwa zanu ndazimva ndipo zina ndi zoona. Mumati katundu ameneyu amachokera kunja, ndalama zakunja zikusowa, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo siimanso. Zoona. Komabe peyala ya magolovesi abwino a PVC siifika mtengo wa thumba limodzi la simenti, ndipo silabu imodzi ya nyumba yosanja imadya matumba mazana. Sindinaonepo saiti ikuima chifukwa bwana wati dizilo wa makina wakwera, tizungulitsa ndi manja. Dizilo amagulidwa chifukwa anamuwerengera kuyambira pachiyambi. Magolovesi mumawaona ngati mphatso ya kamodzi pachaka, pomwe ndi katundu wotha ngati misomali ndi waya womangira zitsulo. Pa ntchito ya mabuloko peyala imatha m'masiku ochepa. Ikatha iyenera kusinthidwa tsiku lomwelo.

Mumatinso mukatipatsa timakagulitsa. Sindikana, alipo amene amachita zimenezo, ndawaonapo, ndipo ndawadzudzulapo. Munthu amene walandira ndalama yosakwana ufa wa sabata amaona golovesi latsopano ngati ndiwo za madzulo. Mankhwala ake ndi osavuta: wofuna peyala yatsopano azibweza yakutha, ndipo wosunga sitolo azilemba. Masaiti ena amachita kale zimenezi ndipo kuba kumachepa. Kulanga anthu 50 chifukwa cha atatu si chilungamo.

Ndipo mumati timakana kuvala. Izinso zimachitika, ndipo anzanga amisiri ndikukuuzani pano kuti mawu aja akuti "manja anga anazolowera" ndi bodza limene timadzinamiza. Zikhatho zathu zolimba ngati chikopa cha ng'ombe ndi mabala amene anapola. Ambiri a ife tikapita kumene amafuna chidindo cha chala, makina amakana kutiwerenga, timachita kupaka chala pamphumi kangapo, chifukwa mizere inafufutika ndi simenti. M'nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, zala zimang'ambika m'mfundo, timazimata ndi selotepi kuti tigwire mpeni. Ena timasamba m'manja ndi dizilo kapena parafini pochotsa penti ndi phula, osadziwa kuti tikuchotsa mafuta achilengedwe a khungu. Tiyenera kusintha. Komabe mufunsenso chifukwa chimene munthu amavulira golovesi. Nthawi zambiri n'lalikulu, zala zikusambira mkati, sungatole msomali kapena kumanga waya. Kapena n'lapulasitiki lochindikala pa ntchito youma, thukuta likudzaza mkati. Magolovesi ali ndi masaizi ngati nsapato. Palibe bwana amene angagule nsapato za saizi 10 za antchito onse.

Apa ndinenepo za amayi. M'masaiti athu amayi ndi amene amatunga madzi, kusenza mchenga, kutsuka matailosi ndi mankhwala a asidi ntchito ikamatha, ndipo ena tsopano ndi amisiri ochokera m'sukulu za ntchito zamanja monga Soche Technical. M'mbali mwa misewu amayi amaswa miyala ndi hamala, dzanja lina litagwira mwala. Manja awo ndi aang'ono, ndipo golovesi la saizi ya bambo limavuka lokha. Manja omwewo madzulo akasambitsa mwana, akachapa ndi sopo, akaphika. Mayi amene manja ake apsa, nyumba yonse yaima.

Inu a Khonsolo ndi a NCIC, mphamvu imene muli nayo ili papepala, ntchito isanayambe. Kontrakitala amapambana tenda chifukwa mtengo wake ndi wotsika, ndipo pofuna kutsitsa mtengo choyamba kuchichotsa ndi zoteteza anthu. Amene waika magolovesi m'mtengo wake amagonja kwa amene sanaike. Choncho pa ntchito iliyonse ya boma kapena ya Khonsolo, kaya ngalande, kaya mlatho, kaya buloko ya sukulu, zodzitetezera zikhale ndi mzere wake m'ndandanda wa mitengo, wowerengedwa malinga ndi kuchuluka kwa anthu ndi miyezi ya ntchito, wofanana kwa onse opikisana, ndipo ndalama yake izituluka pokhapokha woyang'anira ntchito waona anthu atavala. Kontrakitala wopezeka kawiri katatu akugwiritsa anthu ntchito manja ali pamtunda, zikumbukiridwe pomwe akudzakonzetsa chiphaso chake. Ndipo a Khonsolo, pomwe mukuvomereza pulani ya nyumba ya munthu wamba ku Machinjiri kapena ku Chigumula, muperekepo kapepala kamodzi ka Chichewa konena zimene mwini nyumba ayenera kugulira omumangira. Nyumba zambiri muno sizimangidwa ndi makampani. Zimamangidwa ndi mmisiri mmodzi ndi anyamata awiri, ndipo mwini wake ndi mphunzitsi kapena namwino amene sakufunira munthu zoipa, kungoti palibe anamuuza.

Pa eni mashedi, a Nduna, lamulo limveke bwino kuti amene katundu ndi wake ndiye ayankhe za manja amene akumunyamula, kaya anthuwo abwera kudzera mwa ndani. Pa saiti iliyonse ndi shedi iliyonse pakhalenso madzi oyera ndi sopo pafupi ndi pogwirira ntchito, osiyana ndi mgolo wa madzi okandira matope, chifukwa golovesi lingakhale labwino chotani konkire amapeza polowera. Ndipo ngozi za manja zizilembedwa. Chala chophwanyika kapena chikhatho chopsa sichimveka pawailesi ngati munthu wagwa pansanja, ndiye mabwana amangopereka ya thiransipoti yopitira kuchipatala, nkhani n'kuthera pomwepo. Zikanakhala kuti zonse zimafika ku leba, bwenzi mukudziwa kukula kwa nkhaniyi popanda mmisiri wa ku Ndirande kukulemberani. A MCTU, mgwirizano wa mabungwe a antchito m'dziko muno, ndi inu mabungwe a antchito omanga, aganyu alibe makadi a umembala, koma chonde fikani pa mageti pomwe amaima.

Dzanja la munthu lili ndi mafupa 27, ndipo kwa ife amene tilibe mapepala a sukulu, ndilo satifiketi yathu, khasu lathu, penshoni yathu. Mwana wa mlongo wanga zilonda zinapola, koma thupi lake linadana ndi simenti. Anayesa kubwerera kawiri, ndipo ulendo uliwonse pasanathe masiku atatu manja ankatupa n'kuyamba kutuluka madzi. Panopa amagulitsa mayunitsi ndi zitsulo zakutha ku Limbe. Anali ndi diso lowongoka; khoma ankaliona kupendama tisanaikepo levulo. Akanakhala mmisiri woposa ine. Mlongo wanga sanandinenepo mawu oipa, koma ndikafika pakhomo pake amayamba wayang'ana manja a mwana wake asanandipatse moni.

Pa 28 Epulo chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito. Chaka chino, musanapite kumalo a mwambo, ndikukupemphani kuti mudzuke m'mamawa mudutse pa geti limodzi la ku Makata kapena ku Limbe nthawi ya 6 koloko, anthu ali pamzere kudikira kusankhidwa. Musatumize uthenga kuti mukubwera. Tsikani m'galimoto, mupereke moni wa padzanja kwa aliyense mpaka kumapeto kwa mzere.

Ine wanu,
Mmisiri womanga nyumba,
Ndirande, Blantyre